Za Mfuti Zosapha Nyama

Liu lakuti mfuti tilidziwa tonse, ndipo mwana wa sukulu sabvutika nalo, pakuti liri m'gulu limodzi ndi nyumba, mbuzi ndi nkhuku: titi mfuti iyi, mfuti izi, osasintha liulo pocurukitsa. Koma mukafunsa munthu wamkuru kumudzi kuti nchito ya mfuti ndi yotani, adzakuyankhani msanga kuti ndiyo kupha nyama, kumenya nkhondo, kapena kupitikitsa nguluwe ndi anyani m'munda. Yankho lacinai sadzalipeza. Tsono m'maiko a Azungu muli anthu ambiri amene agula mfuti ndi ndalama zao, naisamala zaka makumi, osapha nayo ngakhale njiwa. Ena aombera pepala, ena aombera timbale tadothi, ndipo ena saomba konse, angoikoleka pakhoma ndi kumaiyang'ana. Mwambo umenewu ndifuna kuulongosola monga ucitika m'dziko la Britain, cifukwa ndiko kudacokera mfuti zambiri zimene makolo athu anagwira, ndiponso cifukwa mau ena a m'cinenero cathu ali ndi mbiri imodzi ndi mwambowo.

Angerezi ali ndi liu lakuti hobby, ndilo cinthu cimene munthu acita pa nthawi yake yopuma, wosalipidwa ndi wosakakamizidwa, cifukwa ca kucikonda kokha. Ife tiribe liu limodzi lonena zonsezi. Tikati masewera tipereweza, pakuti womva aganiza za ana ndi mpira. Tikati nchito tipyoletsa. Koma cinthuco tiri naco. Iye amene anaonapo nkhalamba yoweta nkhunda, yodziwa iri yonse ndi maanga ake, yokana kuphako ngakhale kutafika mlendo wolemekezeka, wayamba kale kumvetsa mtima wa Mzungu wosunga mfuti.

Tisanapite patali tilekanitse aneni amene ophunzira asokoneza polemba. Tiomba mfuti, koma tiombera nyama. Mneni woyambayo agwira cida ceniceni, ndiye yemweyo timumva poti mphepo iomba, kapena anthu aomba m'manja. Waciwiriyo, wokhala ndi -era, aloza kumene cipolopolo cipita. Ndipo kuombera si kulasa ai. Munthu akhoza kuombera gwape katatu, naphonya katatu konse. Kulasa ndi liu lakale la uta ndi mubvi, limene lidasamukira ku mfuti osataya tanthauzo lake, ndilo kuti cida cafika pathupi.

Nanga cimene munthu aombera pophunzira, cosakhala nyama kapena mdani? Dzina lake ndi candamale. Liu ili mukalisanthula simupezamo tsinde la Cinyanja. Ku India kuli liu lakuti chandmari, ndilo kuombera cizindikiro pophunzira mfuti. Tikakumbuka kuti m'caka ca 1891 Harry Johnston anabwera kuno ndi asilikari a ku India, otsogozedwa ndi Captain Maguire, ndi kuti anthu athu oyamba kulowa usilikari anaphunzira perete pansi pa Amwenyewo, ine ndiyesa kuti njira imene liuli lidayenda ioneka poyera. Lero limveka ngakhale pa nkhani za sukulu ndi za malonda, kwa anthu osagwirapo mfuti ciyambire. Cotero kwa ife kuombera candamale kudadza ngati nchito ya msilikari. Ku Britain nako kudayamba momwemo, koma kudakhotera kwina.

M'caka ca 1859 Angerezi anagwidwa ndi mantha kuti Afalansa, pansi pa Napoleon III, angaoloke nyanja kudzawathira nkhondo. Pamenepo anthu wamba, alembi, amalonda ndi amisiri, anadzipereka okha m'magulu a asilikari odzifunira, nayamba kuphunzira za nkhondo madzulo ataweruka. Akuru poona kuti ambiri a iwo sadziwa kulasa, anakhazikitsa bungwe lochedwa National Rifle Association, kuti lipikisanitse anthu pa candamale. Musalisokoneze ndi lina la dzina lomweli la ku America, limene lidayamba m'mbuyo mwake, mu 1871, ndipo mayendedwe ake ndi ena. Mpikisano woyamba unacitika pa Wimbledon Common, pafupi ndi London, mu July 1860. Mfumukazi Victoria ndiye anaomba mfuti yoyamba, ngakhale sanaigwire ndi manja. Mfuti ya Whitworth inamangidwa pa coimikira, atailunjika kale anthu odziwa, ndipo iye anangokoka cingwe, cipolopolo nicilasa pafupi ndi pakati penipeni pa candamale coima pa mayadi 400. Anaperekanso mphotho ya mapaundi 250, imene anayamba kuilandira Edward Ross wa ku Scotland.

Afalansa sanabwere, koma mpikisano unatsala. Pofika 1890 nyumba zidacuruka pozinga Wimbledon, mfuti nazo zinayamba kuponya patali, ndipo bungwe linasamukira ku Bisley, m'dera la Surrey, kumene lisonkhana caka ndi caka m'mwezi wa July. Kufika anthu ocokera ku Canada, Australia, South Africa ndi maiko ena. Mphotho ija ya mfumu ikalipo, ndipo ichedwa ya King kapena ya Queen monga mwa iye wokhala pa mpando. Opikisana asefedwa kawiri pa mitunda yaifupi, kufikira atatsala 100, ndipo amenewa aombera pa mayadi 900 ndi 1,000. Wopambana amkhazika pampando, anzake namsenza pamapewa kuzungulira msasa wonse, monga ankanyamulira azungu pa macila masiku aja. Mu 1930 anasenzedwa comweco mkazi, Marjorie Foster, woweta nkhuku, ataposa amuna onse amene ambiri a iwo anali asilikari akale.

Wina adzafunsa, Kodi cokondweretsa nciani pa kuboola pepala? Yankho liri m'kubvuta kwake. Mayadi 1,000 ndi mtunda woposa theka la mailo. Cipolopolo siciyenda molunjika monga ayesera ambiri. Cingoturuka m'mpopi, dziko liyamba kucikokera pansi monga licita ndi mwala woponyedwa, kotero kuti woomba ayenera kukweza mulomo wa mfuti, kuti cipolopolo cikwere ndi kutsikira pa candamale. Ulendo umenewu utenga nthawi yoposa sekondi imodzi, ndipo pa nthawi yonseyo mphepo icikankhira pambali, mwina mapazi angapo. Cifukwa cake aimika mbendera zazitali m'mbali mwa bwalo, ndipo woomba aziwerenga monga msodzi awerenga nyanja m'mamawa. Ayang'ananso kunyezimira kwa mpweya wotentha pamwamba pa udzu. Mbendera ya pafupi ikhoza kunena cina, ya kutali ninena cina. Agona cafufumimba, lamba atamkulunga pamkono, nayang'ana pa kaboo kakang'ono kopanda galasi lokuza, nagwira mpweya, nakoka kacitsulo pang'onopang'ono kuti mfuti isagwedezeke. Kutsogoloko kuli anthu obisala m'dzenje pansi pa candamale, amene acitsitsa, naika cizindikiro pamene palasidwa, nacikwezanso. Woomba alemba zonse m'kabuku, mphepo inali yotani ndi cipolopolo cinagwa pati, kuti aphunzirepo caka camawa. Munthu wopsa mtima msanga sakhalitsa pa masewera awa.

Cimene cithandiza mfuti yotere kulasa patali ndi mizere yopota yosemedwa m'kati mwa mpopi. Cipolopolo podutsamo cigwidwa ndi mizereyo, nicituruka ciri kuzungulira, ndipo ciima nji pa ulendo wake monga nguli iima pamene izungulira, nigwa ikaleka. Mfuti zakale zinali zosalala m'kati, ndipo kupitirira mayadi 100 kulasa nazo kunali kwa mwai.

Za oombera timbale ndinene mwacidule. Iwo agwira cifefe, mfuti yomwaza timipira tambiri ta ntobvu. Kale ankatsekera nkhunda zamoyo m'mabokosi, ndi kuzitsegulira kuti aziombere pouluka, ndipo zotere zinacitika ngakhale pa masewera a ku Paris mu 1900. Mu 1880 George Ligowsky wa ku Cincinnati anapanga kambale kadothi koponyedwa m'mwamba ndi makina, ndipo mu 1921 lamulo la ku Britain linaletsa kuombera mbalame zotsekeredwa. Timbaleto Angerezi atichulabe nkhunda zadothi, ngakhale tiribe phiko kapena nthenga.

Tsopano tifike kwa iwo osonkhanitsa mfuti zakale, pakuti apa ndipo nkhani yao ikomana ndi yathu. Mfuti imene iwo aifunafuna m'misika ya zinthu zakale ndi yomwe ija ife tiichula gogodera. Dzinali ndi lathulathu, locokera ku mneni kugogoda, ndipo lilongosola bwino nchito yake: munthu athira onga kumulomo, naikapo kansanza, naponyamo cipolopolo, ndipo agogodera zonse ndi ndodo kufikira zitakhala pansi. Koma a gogodera ali a mitundu iwiri, ndipo wosonkhanitsa ayang'ana kumeneko poyamba. Wakale ndi wa mwala. Mwala wolimba womangidwa pa kacitsulo ukhula citsulo cina, mbaliwali nizigwera pa onga pang'ono m'kambale ka pambali, moto nulowa pa kaboo kukayatsa onga wa m'kati. Mvula ikagwa mfuti yotere ingokhala cibonga. Ndiponso pakati pa kung'anima kwa m'kambale ndi kulira kwa mfuti pamapita kamphindi.

Kamphindi kameneko ndiko kadabala mtundu waciwiri. Alexander Forsyth, mbusa wa ku Belhelvie ku Scotland, anali wokonda kusaka abakha a m'madzi, ndipo anaona kuti mbalamezo zithawa poona kung'anima cipolopolo cisanaturuke. Anayesayesa mankhwala oyaka pomenyedwa, ndipo mu 1807 boma linambvomereza kuti nzeruyo ndi yake. Ena anaikonzanso, napanga kacipewa ka mkuwa kobveka pa kansonga, kamene nyundo ya mfuti ikamenya moto ulowa pomwepo. Kacipewa aka Aswahili akachula fataki.

Mfuti izi zidafika bwanji m'midzi yathu? Nkhondo za Napoleon woyamba zitatha mu 1815, maboma a ku Ulaya anatsala ndi mfuti zamwala zosawerengeka, monga ija Angerezi ankaicha Brown Bess. Pambuyo pake anatayanso za fataki, atapeza mfuti zolongera kumbuyo, monga Snider mu 1866 ndi Martini-Henry mu 1871. Zotayidwazo amalonda anazigula motsika, nazitumiza ku Zanzibar, Kilwa ndi Quelimane, pamodzi ndi zina zatsopano zopangidwira dala malonda a ku Africa m'mizinda ya Birmingham ndi Liège. Kucokera kugombe zinakwera kumtunda pamitu ya amtengatenga, ndipo mtengo wake unali minyanga ndi anthu. Ici tisacibise: gogodera amene lero akongoletsa khoma la munthu ku England, mnzake wa m'bokosi limodzi adagula kapolo m'mbali mwa nyanja yathu. Mu 1890 maiko a Azungu anapangana ku Brussels kuletsa kugulitsa mfuti zamakono m'cigawo cacikuru ca Africa, koma analola zamwala ndi onga wamba. Ndico cifukwa cimodzi gogodera anakhalitsa kuno, atatha kale kwao. Makolo sanamgwiritse pa nyama ndi nkhondo pokha. Analira pa maliro a mfumu, ndiponso pamene ulendo wa kugombe unali kulowa m'mudzi.

Wosonkhanitsa akagwira mfuti yotere aiwerenga monga kalata. Pa citsulo ca pambali pakhoza kukhala cisoti cacifumu ndi liu lakuti TOWER, kusonyeza kuti inali ya boma la Angerezi, la nkhokwe ya zida ya ku Tower of London. Koma amisiri ocenjera anadziwa kuti ogula a ku Africa akhulupirira cizindikiro cimeneci, nacidinda pa mfuti zacabe zosaonako ku Tower ciyambire. Cotero wogula ayenera kuzindikira yeniyeni ndi yonamizira. Pa mpopi pali tizizindikiro tina ta nyumba yoyesera. Ku Birmingham nyumba yotere inakhazikitsidwa mu 1813, ndipo nchito yake ndi kuomba mpopi uli wonse ndi onga woposa muyeso. Ukapanda kung'ambika ankaudinda ndodo ziwiri zacifumu zopingasana. Wa ku Liège audinda malembo atatu, E, L ndi G, m'kati mwa kamzere kozungulira ngati dzira. Ndi tizizindikiro timeneti munthu wodziwa anena dziko limene mfuti idabadwira, mwinanso nyengo yake.

Pali cinthu cimodzi cimene cidabwitsa ife ozolowera kutsuka mphika kufikira uwale. Kwa wosonkhanitsa, mfuti yakale yopalidwa ndi mcenga kuti inyezimire yaonongeka, ndipo mtengo wake watsika. Iye afuna kuda kwa citsulo ndi kwa mtengo kumene zaka zidasiyapo. Cigamba cimene msuzi wa kumudzi anaikapo, cikopa caciwisi cokulungidwa pamene mtengo udasweka nicuumira pomwepo, waya wamkuwa, misomali yokongoletsa, zonsezi wanzeru sazicotsa, pakuti ndizo zinena kumene mfutiyo idayenda ndi manja amene adaigwira. Pa ici ndibvomerezana nao ndithu. Mfuti za mafumu a ku England zisungidwa bwino ku Royal Armouries, imene nyumba yake yaikuru inatsegulidwa ku Leeds mu 1996. Ndipo ife tiri ndi mzinga wa Hotchkiss ku Mangochi, wocokera m'sitima ya Guendolen imene inaombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu mu August 1914. Koma gogodera wa mlenje wamba, amene adadyetsa mudzi m'caka ca njala, ambiri adatha ndi dzimbiri ndi ciswe kuseri kwa nkhokwe, ena anasulidwa makasu.

Komabe nkhunda ndi mfuti sizilingana, ndipo Angerezi adaphunzira ici ndi misozi. Kufikira 1920 munthu wa ku Britain ankagula mfuti popanda cobvuta ceniceni; m'caka cimeneco lamulo linayamba kufuna kalata ya polisi. Lero wofuna mfuti ya candamale ayenera kuonetsa cifukwa comveka, monga kukhala m'gulu la oombera lodziwika ku boma, ndi kupeza anthu awiri omcitira umboni. Apolisi adza kunyumba kudzaona bokosi lacitsulo lokhomedwa kukhoma, m'mene mfuti idzagona yokiyidwa, ndipo kalatayo itha pa zaka 5. Mfuti yakalekale, monga gogodera, munthu aloledwa kuisunga popanda kalata ngati iri yongoyang'ana. Tsiku limene afuna kuiomba, lamulo liiyesa mfuti monga zinzake.

Malamulo awa sanadze onse pamodzi, koma ena anadza pambuyo pa maliro. Mu August 1987, m'mudzi wa Hungerford, munthu wokhala ndi kalata ya mfuti zake anapha anthu 16, ndipo caka cotsatira boma linaletsa mfuti zazikuru zodzilonga zokha. Pa 13 March 1996, ku Dunblane ku Scotland, munthu wina, nayenso wa kalata ndi wozolowera kuombera candamale m'magulu, analowa m'sukulu napha ana ang'ono 16 ndi mphunzitsi wao. Mu 1997 analetsa pafupifupi mfuti zonse zazifupi za m'dzanja limodzi. Anthu zikwi zambiri osalakwa kanthu anapereka mfuti zao ku polisi, magulu ena anatsekedwa, ndipo akatswiri oimira dziko lao pa masewera a maiko anayamba kuoloka nyanja kukaphunzira ku Switzerland. Iwo anadandaula kuti alangidwa cifukwa ca chimo la munthu mmodzi, ndipo dandaulo lao silinali lopanda pake. Koma makolo a ana aja anayankha kuti cikondwerero ca munthu wamkuru sicingalemere koposa moyo wa mwana, ndi kuti kalata ya polisi iyesa munthu monga ali lero, osati monga adzakhala mawa. Ine, monga woima tsiku ndi tsiku pamaso pa ana a msinkhu womwewo, sindipeza mau otsutsa makolowo.

Kwathu kuno nakonso lamulo silola munthu kukhala ndi mfuti popanda cilolezo ca polisi, ndipo musayese kuti ukalamba wa gogodera umcotsa m'lamulolo monga ku England; amene wampeza m'katundu wa malemu akafunse ku polisi asanamsunthe kupita naye kwina. Asayesenso kumuomba kuti amve m'mene ankalirira. Citsulo ca mipopi ya malonda ija cinali cofewa ciyambire, ndipo dzimbiri lidya m'kati kumene diso silifika. Coopsa koposa ndi onga wa m'makatiriji a lero. Onga wakale ndi wakuda, wa utsi wambiri. Koma mu 1884 Paul Vieille wa ku France anapeza wina wopanda utsi, wamphamvu kwambiri, ndipo umenewu ukathiridwa mwa gogodera mpopi uphulika m'manja mwa mwini. Alenje akale ankakonda kupacika mfuti iri yolonga, kuti nyama ikalowa m'munda usiku asacedwe. Onga wakuda ukakhala pouma sufa msanga, ndipo osonkhanitsa apezapo mfuti zogona zaka zoposa 100 zikali ndi onga wamoyo m'kati.